Mukatsegula injini ya njinga kuti musinthe gasketi, musangothera pomwepo

Gasketi, kachidutswa kopyapyala kamene kamaikidwa pakati pa zitsulo ziwiri kuti oyilo kapena mpweya usatulukirepo, ndi kachipangizo kotchipa kwambiri mu injini ya njinga yamoto. Chodula ndi ntchito yofika pamene iyo yakhala: kuchotsa thanki, ekizozi ndi kabuleta, kumasula mabawuti, ndiponso tsiku lathunthu limene njinga ya kabaza yaima osabweretsa kanthu pakhomo. Choncho ngati oyilo wayamba kudontha ndipo mwaganiza zotsegula, pa ulendo womwewo muone ndi kukonza zonse zimene zimakhala poyera kava ikachoka. Ambiri amasintha gasketi yokha n'kutseka. Mwezi usanathe amakagulanso ina chifukwa kilachi yayamba kuterereka kapena njinga yayamba kufuka utsi, pamene zonsezo zinali pamaso pawo tsiku lija.

Ndikukamba za njinga zimene zadzaza m'misewu yathu, za pisitoni imodzi, zozizira ndi mphepo, za 100cc mpaka 150cc. Zili m'magulu awiri. Zambiri zochokera ku China zinatengera injini ya Honda CG125, imene imakankha mavavu ndi timindodo tiwiri tachitsulo totchedwa ma pushrod. Zina, monga Bajaj Boxer ndi TVS HLX, zili ndi camshaft (kachitsulo kozungulira kotsegula mavavu) pamwamba mu hedi, mutu wa injini, yoyendetsedwa ndi tcheni cha m'kati chotchedwa timing chain. Dziwani gulu la njinga yanu, poti ntchito ya ku hedi imasiyanako.

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi

Yambani ndi kutsuka injini. Ipakeni parafini ndi kaburashi, muitsuke ndi madzi a sopo, iume, kenako muyende nayo mphindi khumi n'kuimika pa malo owala. Oyilo amatsikira pansi ndipo mphepo imamukankhira m'mbuyo, ndiye pamene panyowa kwambiri si pamene akutulukira. Fufuzani malo onyowa amene ali pamwamba ndiponso kutsogolo kuposa ena onse. Mukawaza paudala wa ana pa injini youma musananyamuke, njira ya oyilo imaoneka bwino lomwe.

Nthawi zambiri mudzapeza kuti gasketi ilibe mlandu. Silu (kamphira kotsekereza oyilo) ya kuseri kwa sipoloketi yakutsogolo, silu ya pa chitsulo chosinthira magiya, kapena ya pa kiki, zonsezi zimanyowetsa injini ngati gasketi yaphulika. Onaninso kapaipi kopumira injini, kamene kamachoka pamwamba pa crankcase, bokosi la m'munsi la injini. Kakatsekeka ndi matope kapena kakapindika, mpweya wa m'kati umasowa kotulukira ndipo umakankha oyilo paliponse pofooka. Mukaika gasketi yatsopano kapaipiko kali chitsekekere, idzadonthanso. Chimodzimodzi ngati oyilo amathiridwa mopitirira mzere wa pa kandodo koyezera.

Mvetseraninso injini ikulira, ndipo muone utsi wake, chifukwa zimenezi ndi zimene zikuuzeni zoti mugule. Utsi wabuluu wotuluka m'mawa polizitsa n'kutha injini ikatentha umaloza masilu a mavavu. Utsi wabuluu wosatha, wochuluka mukakoka moto, umaloza maringi. Utsi wakuda ndi nkhani ya petulo wochuluka, ndiye kabuleta kapena sefa ya mpweya. Kaphokoso ka "tchi-tchi-tchi" pakati pa hedi ndi buloko (mmene pisitoni imayendamo), pamodzi ndi mwaye pamalo olumikizirapo, ndiye gasketi ya hedi yapsa. Phokoso la tcheni chokwekwereza m'kati limatanthauza kuti timing chain kapena choikungira chatha.

Pokagula, tengani seti yonse ya magasketi, osati imodzi yokha. Onjezani masilu a mavavu, masilu atatu aja a kunja, timphira tozungulira ta O-ring, ma circlip awiri (timawaya tokhomera pini ya pisitoni), gasketi ya ekizozi, pulagi ndi oyilo. Ngati n'kotheka pitani ndi gasketi yakale kusitolo mukaisanjikize ndi yatsopano. Ya CG125 ndi ya CG150 zimaoneka zofanana, koma bowo la pisitoni la yoyamba ndi 56.5 mm pamene la yachiwiri ndi 62 mm. Wogulitsa wofulumira akhoza kukupatsani iliyonse.

Oyilo mumukhetse madzulo injini ili yofunda kuti atuluke ndi zinyalala zake, ndipo ntchito yomasula muiyambe m'mawa injini itaziziratu. Hedi ya aluminiyamu ikamasulidwa ili yotentha imatha kupindika. Oyilo wokhetsedwayo muunikeni padzuwa. Tizidutswa tonyezimira tochuluka ndi chizindikiro chakuti china chake chikudyeka m'kati, ndipo mukatsegula muchisake.

Za malo ogwirira ntchito ndikhala wouma mtima pang'ono. Injini yotsegula isakhale pa mchenga, ndipo isakhale pamene mphepo ya Okutobala ikuulutsa fumbi. Yalani katoni kapena thumba loyera pa simenti. Tengani katoni ina, mujambulepo maonekedwe a kava, ndipo bawuti iliyonse mukaimasula muibaye pa katoniyo pamalo ake. Mabawuti a kava satalika mofanana, ndipo yaitali ikalowa m'bowo lalifupi imaswa chitsulo. Jambulani ndi foni musanachotse chilichonse. Chotsani waya wa batire, tsekani petulo, ndipo wosuta fodya akasutire kutali.

Kava ya kumanja, ya ku kilachi

Apa ndi pamene pali phindu lalikulu, ndipo ndi pamene anthu amadumpha kwambiri. Injini zambiri za mtundu uwu zilibe fyuluta ya pepala yosinthika. M'malo mwake, kumapeto kwa crankshaft, chitsulo chimene pisitoni imazungulitsa, kuli kachikho kachitsulo kozungulira limodzi ndi injini. Oyilo akamadutsamo, liwiro la kuzungulirako limaponyera zinyalala m'mbali mwa kachikhoko, ndipo zimamatirira momwemo. Palibe njira ina yokafikira osachotsa kava, ndiye pali njinga zambiri zimene zayenda zaka kachikhoko sikanatsegulidwepo. Mukakatsegula mudzapeza phala lakuda lolimba, loti mupale ndi kamtengo. Kachikhoko kakadzaza kamasiya kugwira zinyalala, ndipo zonse zimapita ku mabering'i ndi ku hedi.

Kavindikiro kake kamagwidwa ndi timasikuluwu titatu tosachedwa kuphwanyika mutu. Gwiritsani sikuludiraiva yokwana bwino, makamaka ija yomenya ndi hamala. Palani phalalo, tsukani ndi parafini, pukutani, ndipo muikepo kagasketi katsopano. Kamapezeka mu seti yonse ija, n'chifukwa chake ndinati musagule imodzi yokha.

Pamodzi ndi kachikhoko pali kasefa ka waya. Pa injini za CG kamakhala kuseri kwa chotsekera chachikulu cha m'munsi, pamodzi ndi sipuling'i ndi kamphira. Katsukeni, kaunikeni ngati kabooka, ndipo pobwezera mukumbukire mbali imene kanayang'ana.

Kenako kilachi. Masulani mabawuti a masipuling'i pang'onopang'ono modumphitsa, mutulutse mapuleti. Okhala ndi khungu akapyapyala, akauma gwa kapena akamanunkha kupserera, asintheni. Achitsulo akasanduka abuluu kapena akapindika, nawonso achoke. Kuti muone ngati apindika, agonekeni pa galasi. Yerekezani kutalika kwa masipuling'i akale ndi atsopano, chifukwa akafupika kilachi imaterereka ngakhale mapuleti ali atsopano. Sisitani ndi chala m'mano a dengu la kilachi. Mukamva timakwerero, kilachi imakakamira ndipo magiya amavuta kulowa. Timakwerero tating'ono mungatisalaze ndi fayilo, koma tozama timafuna dengu lina. Mapuleti atsopano aviikeni mu oyilo wa injini kwa maola angapo musanawaike.

Kava isanabwerere, sinthani silu ya kiki, ndipo muonetsetse kuti timachubu tachitsulo tiwiri toongolera kava tili m'malo mwake. Timakonda kugwera pansi mwakachetechete.

Hedi ndi buloko

Ngati kudontha kuli pa kava ya mavavu pokha, hedi musaichotse. Sinthani mphira kapena gasketi ya pamenepo, tcherani mavavu, basi. Koma ngati ndi gasketi ya hedi, dziwani kuti zitsulo zazitali zimene zimapana hedi ndi zomwezo zimene zimapana buloko. Mukazimasula, gasketi ya pansi pa buloko imasuntha, ndipo kawirikawiri imayamba kudontha pambuyo pake. Ine ndimati zonse ziwiri zisinthidwe limodzi.

Musanamasule, tsegulani timabowo ta pa kava ya kumanzere, muzungulitse injini mpaka chilembo cha T cha pa maginito chilunjike ndi mzere wake, mavavu onse awiri ali otseka. Pa njinga ya timing chain, onani ndi kujambula pamene chizindikiro cha pa sipoloketi ya camshaft chaloza, ndipo tchenicho muchimange ndi kawaya kuti chisagwere m'kati. Manati a hedi amasuleni pang'onopang'ono mopingasa, osati imodzi mpaka kutheratu.

Hedi ikachoka, yesani mavavu musanawamasule. Igonekeni cham'mbali, muthire parafini m'bowo lolowera mpweya, mudikire mphindi zingapo mukuyang'ana kuzungulira vavu. Chitaninso chimodzimodzi ku bowo la ekizozi. Parafini akatulukira, vavuyo sikutseka bwino, ndipo n'chifukwa chake njinga imavuta kulira m'mawa ndi kufooka pa mtunda. Chotsani mavavu, palani mwaye, ndipo muwapere ndi grinding paste, phala loperera mavavu. Pakani pang'ono m'mphepete mwa vavu, ilowetseni m'malo mwake, muipote ndi manja uku ndi uku, mukuinyamula nthawi ndi nthawi. Lekani pamene kamzere kotuwa, kofanana kukula kwake, kazungulira vavu yonse ndi pokhalira pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi siifuna drill. Mukatha, tsukani kawiri katatu, chifukwa kapesiti kotsalira kamadya injini. Yesaninso ndi parafini.

Vavu ili m'manja, igwedezeni m'njira yake. Ikamagwedera kwambiri, njirayo yakula, ndipo silu yatsopano sikhalitsa. Zikatero hediyo ipite kwa a makina. Ngati zili bwino, ikani masilu atsopano. Akale musawabwezere ngakhale akuoneka abwino, mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kutsegulanso.

Funsaninso chimene chinapsetsa gasketi yakale. Ikani rula yachitsulo yowongoka pankhope ya hedi, m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, muunike ndi tochi kuseri kwake. Kuwala kukamadutsa, hedi inapindika. Kupindika kochepa kumatheka kukonza poyala sandipepa wosalala pa galasi lochindikala n'kumatsetsereka hediyo mozungulira, koma kwakukulu kumafuna makina. Gasketi ziwiri zosanjikiza si mankhwala.

Pa njinga ya timing chain, ino ndi nthawi yoona timapulasitiki tiwiri timene tcheni chimatsetserekapo. Tikakumbika ngalande kapena tikang'aluka, tichoke. Onani ngati choikungira chikukankha bwino, ndipo muone camshaft ndi ma rocker (timikono tokankha mavavu) ngati zakumbika. Pa injini za CG, gubuduzani ma pushrod pa galasi kuti muone ngati ali owongoka, ndipo buloko ikachoka muone timikono ta m'munsi timene timawakankha.

Tsopano nyamulani buloko. Ikangokwera pang'ono, tsekani kukamwa kwa crankcase ndi kansalu koyera pisitoni isanatuluke. Kachidutswa ka ringi kapena circlip kakagwera m'menemo, ntchito ya tsiku limodzi imasanduka ya sabata. Yang'anani m'kati mwa buloko. Mizere yotsika imene chikhadabo chimakodwamo, kapena kakhwawa kumtunda kumene maringi amathera, ndiye kuti buloko yadyeka. Chotsani ringi yapamwamba pa pisitoni, muilowetse yokha mu buloko, muikankhe ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale yowongoka, ndipo muyese mpata wa pakati pa nsonga zake ndi feeler gauge, timasamba tachitsulo toyezera mipata. Pa injini zazing'onozi, mpata ukafika cha m'ma 0.5 mm n'kupitirira, ringi yatha kapena buloko yakula. Yesani ndi ringi yatsopano. Mpata ukakhalabe waukulu, maringi okha sathandiza. Bulokoyo ikabooledwe kuti ilandire pisitoni yokulirapo ndi 0.25 kapena 0.50 mm, apo ayi mugule buloko ndi pisitoni zatsopano pamodzi.

Gwiraninso mkono wa pisitoni, muukokere m'mwamba ndi kuukankhira pansi. Kugwedera cham'mbali pang'ono n'kwabwinobwino, koma m'mwamba ndi pansi usagwedere n'komwe. Ukamagwedera, bering'i ya pa crankshaft yatha. Apa pokha ndi pamene ndingakuuzeni kuti injini ing'ambidwe pakati. Popanda chifukwa ngati chimenechi, kapena magiya odumpha, crankcase isiyeni. Kuwonjezera ntchito kumene ndikunena ndi kwa zinthu zimene mwazifika kale.

Kuyeretsa ndi kumanga

Gasketi yatsopano imagwira pa chitsulo choyera chokha. Zotsalira za yakale zinyowetseni ndi parafini, muzipale ndi lezala yogoneka kapena kapulasitiki kolimba. Sikuludiraiva ndi mpeni zimasiya mikwingwirima pa aluminiyamu, ndipo oyilo amadutsa momwemo. Mukatha, pukutani kuti paume.

Silikoni wawononga injini zambiri kuposa zimene wapulumutsa. Mukapaka wochuluka n'kumanga, wina amafinyikira kunja, wina m'kati. Wa m'katiyo amathothoka, amayenda ndi oyilo, n'kukatseka kasefa kapena kanjira kakang'ono kopititsa oyilo ku hedi. Hedi ikauma, camshaft ndi ma rocker zimatha m'masiku ochepa. Gasketi ya hedi imaikidwa youma, popanda chopaka chilichonse. Za pepala nazonso sizifuna silikoni ngati chitsulo chili chosalala, kagirizi kochepa ndi kokwanira kuigwira pamalo. Pokhapo pamene pali mkwingwirima, kapena pamene mawaya a maginito amatulukira pa kamphira, ndi pamene mungapakepo kochepetsetsa. Musanatseke, pemererani timanjira ta oyilo kuti mutsimikize kuti n'totseguka, ndipo kamphira ka O-ring kamene kamakhala pa njira yopita ku hedi kakhale katsopano.

Pisitoni ili ndi mbali yake. Chilembo cha IN chimayang'ana ku kabuleta, ndipo ngati pali muvi, kawirikawiri umaloza ku ekizozi. Maringi okhala ndi chilembo, chilembocho chiyang'ane m'mwamba, ndipo mipata yawo muibalalitse kuzungulira pisitoni, isalunjikane. Ma circlip akhale atsopano, ndipo mumve kuti alowa "tswa" m'ngalande yake. Pakani oyilo pa pisitoni ndi m'kati mwa buloko, mutsitse bulokoyo ndi manja mukufinya ringi iliyonse ndi zala. Ikakana, pali ringi imene yatuluka. Musamenye.

Manati a hedi amangeni mopingasa, katatu, mukuwonjezera mphamvu pang'onopang'ono. Ngati pali wina amene ali ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, bwerekani, ndipo mutsate nambala ya m'buku la njinga yanu. Timabawuti ta kava, tija timamasulidwa ndi sipanala ya 8, timangofuna mphamvu ya cha m'ma 10 Nm, imene ndi yochepa kwambiri kuposa mmene mkono umaganizira. Kumanga kwambiri sikuletsa kudontha. Kumang'amba gasketi ndi kudya mazinga a m'bowo. Mukapeza bowo lodyeka kale, likonzeni lero ndi helicoil, kawaya kobwezeretsa mazinga, chifukwa bawuti imodzi yosagwira ndi yokwanira kudonthetsa kava yonse.

Pa njinga ya timing chain, bwezerani zizindikiro zija mmene zinalili pa chithunzi, muike choikungira, kenako muzungulitse injini ndi sipanala kawiri konse. Ikagunda penapake, lekani, muonenso taimingi. Zizindikiro zikalunjikanso, mwakhoza.

Mavavu atcheredwe injini ili yozizira, pa T pomwe paja. Pa CG125 mpata wake ndi 0.08 mm mbali zonse ziwiri. Njinga zina za msinkhu uwu zimakhala pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm, ndipo nthawi zina mbali ya ekizozi imasiyana ndi yolowera mpweya, ndiye onani buku. Feeler gauge idutse ikukanirira pang'ono. Mukamanga nati yokhomera yesaninso, poti mpata umasuntha pomanga. Amene amatchera ndi khutu amakonda kuthinitsa kuti injini ikhale chete, koma vavu yothina siitseka ikatentha, ndipo imapsa. Kaphokoso kochepa n'kabwino kuposa vavu yopsa.

Zakunja zimene zachoka kale

Kabuleta ili pa katoni, ndiye tsegulani kambale kake ka pansi, mutaye madzi ndi dzimbiri, mupemerere majeti. Musawabooleze ndi waya. Pindani mphira wolumikiza kabuleta ndi hedi muone ngati wang'aluka. Mphira wong'aluka umalowetsa mpweya wakuba, injini imatentha kwambiri, ndipo kutenthako ndi kumene kumapsetsa gasketi ya hedi. Sefa ya mpweya ya siponji ichapeni, iume, muipake oyilo pang'ono n'kuifinya. Ya pepala ikada isintheni. Fumbi lodutsa pa sefa yong'ambika ndi limene limadya maringi a njinga zoyenda m'misewu ya dothi.

Palani matope ouma pakati pa zipsepse za buloko ndi hedi, chifukwa injini iyi ilibe madzi oiziziritsa, imadalira mphepo yodutsa m'menemo, makamaka m'madera otentha ngati ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ikani gasketi yatsopano ya ekizozi, mutachotsa yakale imene imabisala m'bowo ngati mbali ya hedi. Pulagi yatsopano muiyambe ndi zala musanagwire sipanala, ndipo mpata wake pa injini za CG ndi 0.6 mpaka 0.7 mm. Mangani mabawuti ogwira injini ku fulemu.

Kulizitsa koyamba

Thirani oyilo wa njinga yamoto, wolembedwa JASO MA kapena MA2 pa botolo. Kilachi ya njingazi imasamba mu oyilo yemweyo, ndipo oyilo wina wa galimoto amaiterereketsa. Zambiri zimamwa pafupifupi lita imodzi, koma yezani ndi kandodo njinga itaima chilili. Pulagi isanalowe, menyani kiki kangapo kuti oyilo ayambe kuyenda.

Ikalira, isiyeni pa sailensi, musaikokere moto. Tsegulani kachivindikiro ka mavavu, kapena masulani pang'ono kabawuti koyesera oyilo ngati hedi yanu ili nako, mutsimikize kuti oyilo wafika pamwamba. Mphindi ikatha pali pouma, zimitsani mufufuze. Kautsi kochepa poyamba ndi oyilo amene munapaka uja, kamatha kokha. Injini ikatentha zimitsani, idikireni izizire, muyezenso oyilo ndi kuyang'ana molumikizira monse.

Ngati mwaika maringi kapena pisitoni yatsopano, makilomita 500 oyambirira muyende mofatsa, osanyamula matumba a chimanga kapena anthu awiri, ndipo osaisiya ikulira pamalo amodzi nthawi yaitali. Ndikudziwa kuti kwa munthu wa kabaza amene bwana akumudikira madzulo izi n'zovuta, ndiye mukambirane ndi mwini njinga ntchito isanayambe. Mukakwanitsa mtundawo, khetsani oyilo, tsukaninso kasefa kaja, yesani manati a hedi injini ili yozizira, ndipo mutcherenso mavavu, chifukwa gasketi yatsopano imakhazikika ndipo mipata imasintha. Oyilo wakaleyo muike m'chigubu chotseka bwino, asatayidwe m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime.